Chifundo cha Malisiti

M'nyumba ya a Sylvester Kamwendo ku Lang'ata, mu Nairobi, lisiti silinkatayidwa. La mafuta a galimoto, la chakudya cha masana, ngakhale la sopo, ankalisalaza ndi chikhatho n'kulisunga bwino kuposa zithunzi za pa ukwati wawo. Mkuluyu anali wa ku Ntcheu. Anagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe lina lalikulu mu Nairobi, kenaka anasiya n'kutsegula kampani yawoyawo yolangiza za ulimi. Mutu unalipo ndithu, koma anali a nzeru zayekha.

Matenda a malisitiwa anawatengera kwa Eric, Mkenya amene ankawawerengera ndalama za kampani. Tsiku lina Eric anawauza kuti munthu akathandiza bungwe lachifundo lolembetsedwa ku boma, lokhala ndi satifiketi ya a misonkho, ndalama yoperekayo amaichotsa pa phindu asanawerenge msonkho, ndiye msonkhowo umachepa. A Kamwendo anamva kukoma mpaka m'mafupa. Anapeza bungwe losamalira zipembere, nayamba kuliponyera ndalama zankhaninkhani chaka ndi chaka. Chipembere sichinawathokozepo, koma lisiti linkabwera lachidindo, ndipo dzina lawo linkawerengedwa pa phwando la azungu.

Amalawi a mu Nairobi anali ndi thumba lawo la maliro. Linalibe ofesi, linalibe chidindo. Linali nambala ya foni ya mayi Eneles, msungichuma, ndi gulu la pa WhatsApp basi. Wina akatisiya, aliyense ankasonkha potumiza ndalama pa foni kudzera pa M-Pesa kuti thupi likwere ndege likagone kwawo, poti kunyamula maliro pa ndege si ndalama ya munthu mmodzi.

Mkazi wa a Titus, dalaivala wina wachimalawi wokhala ku Syokimau, atamwalira, a Kamwendo anangoti zii. Mayi Eneles anaganiza kuti mwina uthenga sanauone, ndiye anakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, n'kukawapeza pakhomo.

"Pepani a Kamwendo, ndabwera ndi ya zovuta zija za kwa a Titus. Tatsala pang'ono kukwanitsa ya ndege."

"Sawa, ndamva mayi. Nanga gulu lanuli munalilembetsa? Satifiketi ya a misonkho ilipo?"

"Satifiketi? Ife timangosonkha, bambo. Munthu ali ku mochale."

"Ndiye ndalama yanga ndikailemba pati? Ine sindikana kuthandiza, ndimathandiza kuposa nonsenu. Koma ndimapereka kumene boma likuona."

Akazi awo, mayi Jean, amene ankathira tiyi, analowererapo. "Bambo a Nicole, maliro n'kulirana. Zamapepalazi zilekeni kaye."

"Inu mayi, za ndalama ndisiyireni ine."

Mayi Eneles anatsazika tiyi asanamwe. Tsiku lomwelo a Kamwendo analemba pa gulu paja kuti Amalawi aphunzire kuchita zinthu mwadongosolo osati kumangopemphetsa ngati pa msika, n'kutulukamo. Mawu amenewo a Titus anawawerenga ali pa benchi la ku mochale.

Maliro ena anagwa, ena n'kugwanso, a Kamwendo osaoneka. Mkuluyu analetsanso mayi Jean kutumiza ngakhale ya shuga wa pa siwa, ati ndalama yopanda lisiti ndi yotaya m'madzi. Mayiwo, chifukwa cha manyazi, anasiya kupita kumene amayi anzawo ankakumana, mpaka Amalawi obwera kumene sankadziwa n'komwe kuti ku Lang'ata kuli banja la kwawo. Anali munthu wofatsa, wosakonda mkangano, ndipo manyaziwo ankangowameza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mayi Jean anayamba kudandaula m'mimba, ndipo pamene madokotala ankapeza kuti muli chotupa, n'kuti chitayala kale mizu. Inshulansi yabwino ya chipatala inatsala ku bungwe lomwe a Kamwendo anasiya. Yawoyawo inatha mwezi usanathe. Anadya za kampani, anakongola ku banki, anagulitsa puloti ya ku Lilongwe. Mayiwo ataona kuti ulendo wayandikira, anawagwira dzanja amuna awo.

"Bambo a Nicole, chinthu chimodzi chokha. Musandisiye kuno. Mukandigoneke ku Ntcheu, pafupi ndi bambo anga."

"Ndidzakuperekezani ndekha, mayi. Musadandaule."

Analonjeza ndi mtima wonse, pakuti akazi awo ankawakonda zedi. Mayiwo atamwalira, a Kamwendo anaimba foni kumudzi kuti anthu akonzeke, maliro akubwera. Koma chipatala chinakana kutulutsa thupi ngongole isanathe. Anagulitsa galimoto pa mtengo wolira, thupi linatuluka, m'thumba n'kutsala mphepo.

Anathamangira kwa Eric. "Ndalama zonse zija ndinapereka kwa zipembere, palibe njira yoti a misonkho andibwezereko?"

"Pole sana, pepani kwambiri bwana," anatero Eric motsitsa mawu. "Phindu lake munalandira kale, ndi msonkho wochepa uja. Si banki imeneyi."

A bungwe la zipembere anatumiza khadi yokongola yachipepeso ndi maluwa oyera. Sanalakwe, ntchito yawo si yonyamula maliro.

Pamenepo a Kamwendo anameza malovu owawa n'kuimbira mayi Eneles. Mayiwo sanawakumbutse kanthu. Anabwera ndi amayi ena awiri, anakasambitsa mnzawo, anamuveka, n'kukhala pansi m'nyumba muja kuimba nyimbo za chitonthozo. M'chipinda chachikulu chonsecho mawu a anthu atatu ankamveka ngati akuimbira m'chitini. Mipando ya pulasitiki imene a Kamwendo anabwereka inakhala panja yosanjikizana, opanda woitsitsa.

"Nanga anthu mwawauza?" anafunsa a Kamwendo, maso ali pansi.

"Ndalengeza kawiri, bambo. Taonani nokha."

Anawapatsa foni. Uthenga unali ndandanda: pepani, pepani, auuse mumtendere. Wina anafunsa kuti kodi a Kamwendo ake ati. A Titus analemba mawu aulemu, opepesa, n'kulekera pomwepo. Zimene zinasonkhedwa sizikanakwana ngakhale bokosi lokwezera pa ndege.

"Sindingawakakamize," anatero mayi Eneles. "Thumba lija ndi manja a anthu. Manja akapinda, ine ndilibe pogwira."

A Kamwendo anayesa uku ndi uku. Banki inakana, anzawo a pa phwando la zipembere mafoni awo ankangoitana, ndipo ku mochale mtengo unkakwera kukacha kulikonse. Mapeto ake anapita kukalipira malo ku manda a anthu onse a ku Lang'ata, pamtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo pawo.

Ali m'njira yobwerera, foni inalira. Anali achimwene ake a mayi Jean, kumudzi.

"Alamu, ndege ikutera liti? Kuno adzukulu amaliza kukumba. Anthu adzaza, amayi sakudya, akuti adya akaona nkhope ya mwana wawo."

A Kamwendo anaima m'mbali mwa msewu, matatu akuwapemerera fumbi. Anayesa kuyamba ndi Chingerezi, chinawathawa.

"Alamu," anatero potsiriza, "sakubwera. Ndalephera."

Kulira kwa amayi kunabuka kutali m'foni muja.

Manda okumbakumba sagona apululu. Tsiku limene mayi Jean ankatsitsidwa m'dothi lachilendo pamaso pa anthu osadzaza minibasi, ku Ntcheu adzukulu anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'nsalu, nalikwirira pafupi ndi bambo a malemuwo. Mayi wokalamba anaponya dothi pa nthochi m'malo mwa mwana wake.

Akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.