Mapazi a Mukanema

A Chimbalanga, eni saluni ku Zingwangwa, ankapenga ndi mapazi a akazi. Tsiku lina anauza Esinala, wopenta zikhadabo, kuti, "Undijambulire kanema wa mapazi ako atapakidwa mafuta. Ukakana, ntchito yatha."

Esinala anatumiza kanema. Mapazi ake anali onyezimira, zikhadabo zofiira, kachipsera pachala chachikulu. Bwana anakhalira kupsompsona foni n'kumaonetsa anzawo kumowa.

Lamlungu anapeza apongozi awo aakazi ali pakhonde, atavula nsapato. Zikhadabo zinali zofiira, kachipsera kali pomwepo.

"Mtsikana wanu wa kusaluni uja ananditsuka mapazi bwino, n'kundijambula," anatero apongoziwo. "Akuti mapazi angawa akukusowetsani tulo. Senderani, bambo, muone enieni."

Mwaulemu wa mkamwini, a Chimbalanga anagwetsa nkhope pansi. Koma pansipo ndi pomwe panali mapaziwo.