Kamwala Komwe Mayi Agatha Adakaona

Kuseri kwa nyumba ya a Damiano, kumunsi kwa Mua, kudali chisakasa cha udzu momwe ankasemeramo ziboliboli. Wodutsa pamsewu ankayamba wamva kugogoda kwa sompho asanaone mwini wake. Manja a bamboyu ankadziwa mtengo. Akangogwira chipika cha phingo kapena cha m'bawa, ankadziwiratu ngati m'katimo mwabisala mayi wobereka mwana kapena ng'ona yoothera dzuwa. Alendo ankachokera kutali kudzagula ntchito yawo, ndipo kutamandidwa kwa zaka zambiri kudawaumitsa khosi. Pa nkhani yosema, a Damiano sankauzidwa.

Akazi awo, mayi Agatha, ankakhala pamkeka pafupi ndi chisakasacho, akutongola chimanga mongofufuza ndi zala. Matenda a shuga adali atawadya maso. Kuchipatala adawauza mosapsatira kuti chifunga chomwe chidawakutacho sichidzachoka, chizingokhuthala mpaka kudzada bii. Nkhope ya mwamuna wawo sankaionanso. Chomwe chidawatsalira n'kusiyanitsa dzuwa ndi mthunzi basi.

Chaka china mvula itagwa yambiri, mtsinje udasefukira n'kuzula mtengo waukulu wa m'mbali mwake. A Damiano adapitako ndi nkhwangwa kuti akaone ngati angapezepo chipika. Akupalasa matope m'mizu, adaona chinthu chikung'anima. Adachitsuka m'madzi, n'kukhala pansi osadziwa kuti akhala. Udali mwala wotambalala ngati chikhatho cha khanda, wopyapyala mbali zonse kupatula pangodya imodzi pomwe padali linunda. Mtundu wake udali wa thambo la m'nyengo yozizira, ndipo m'kati mwake munkaoneka mbee ngati madzi a pakasupe.

Sadaganize zogulitsa. Ali m'njira yobwerera, mtima udawauza chinthu chimodzi chokha: mdima usanatseke chitseko, Agatha aoneko chinthu chokongola kotsiriza.

Anthu adawalozera kwa mayi Mwanjuma ku Golomoti. Mayiyu kwawo kudali ku Mangochi, koma adakhalitsa ku Joni komwe ankagwira ntchito pafakitale yodula ndi kusalaza dayamondi. Adali atangofika kumene m'deralo, n'kupeza kachipinda kuseri kwa chigayo, komwe okumba miyala m'mapiri ankawabweretsera zomwe atola. A Damiano adakwera minibasi mwalawo ataumanga pampango.

Mayi Mwanjuma adautembenuza pang'onopang'ono, diso lili pakagalasi kokulitsa zinthu.

"Si dayamondi, bambo," adatero, "koma ndi mwala wabwino zedi. Mulibe mng'alu ngakhale umodzi. Mukufuna ndiutani?"

"Muusalaze wonse, mmene uliri kukula kwakemu. Ndi wa akazi anga. Maso awo akupita, angotsala ndi kusiyanitsa dzuwa ndi mthunzi."

Mayi aja adadzuka, adatseka chitseko, adakoka katani n'kungosiya kampata komwe dzuwa linkalowera ngati ndodo yoongoka. Kenako adatulutsa miyala iwiri yoyera m'kachitini.

"Iwiriyi ndidaidula pa mwala umodzi," adatero. "Yambani mwaona uwu."

Woyambawo udali waukulu ngati batani la jekete. Atauika m'dzuwa muja, udangoti ng'ani kamodzi, basi. Poyang'anitsitsa, a Damiano ankaona thabwa la tebulo kudzera m'kati mwake. Mayi Mwanjuma adauchotsa n'kuikapo wachiwiri, wochepa ngati njere ya nandolo, wosongoka kunsi, wokhala ndi timbali tambirimbiri tosalala.

Kachipinda kaja kadasanduka china. Timadontho ta moto tidabalalika pakhoma, padenga, pamalaya a a Damiano, tofiira, tobiriwira, tachikasu, ndi mitundu ina yomwe iwo sadaidziwe dzina. Mayi aja atakatembenuza pang'ono, timoto tonse tidayenda pamodzi ngati nsomba zotembenuka m'madzi. Kuseri kwa khoma chigayo chinkalira, koma a Damiano sankachimvanso. Adavula chipewa.

"Mayi, motowu ukuchokera kuti?" adafunsa monong'ona.

"Ndi dzuwa lomweli. Kuwala kukalowa pamwamba, kumafunika kukagunda timbali ta kunsi n'kubwerera kwa woyang'ana. Kunsi kukakhala kozama bwino, kumabwerera konse, kutagawika m'mitundu yake. Kukakhala kosaya, kumangodutsa ngati madzi m'dengu. Ngakhale dayamondi weniweni, ukamudula mosaya amangofanana ndi botolo losweka." Adagwira linunda la mwala wa a Damiano. "Moyo wa mwala wanu uli apa. Mundilole ndichotse zopyapyalazi, nditsale ndi pokhuthalapa. Utuluka ngati nzama, koma wallahi, ndikulumbira, moto wake mudzaphimba kumaso."

"Nzama?" A Damiano adavalanso chipewa chawo. "Akazi anga saona nkhuku ikudutsa pakhomo. Ndiye akaone nzama?"

"Mwanena kuti dzuwa amaliona. Maso otero saona kukula kwa chinthu, bambo. Amaona kuwala."

"Ine ndine mmisiri ngati inu nomwe. Chipika chachikulu sachisandutsa chipande."

"Mtengo mumausema kuti anthu aone mtengowo. Mwala timaudula kuti anthu aone kuwala. N'zosiyana."

Mawu amenewa adawalasa a Damiano, ndipo m'malo moti awafewetse adawaumitsa. Kuti iwo, odziwika kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Golomoti, aphunzitsidwe kusema ndi munthu wobwera!

"Mayi, inu mwafika dzana kuno," adatero. "Agatha ndakhala naye kuyambira ndili mnyamata. Maso ake ndimawadziwa ndine. Chitani zomwe ndanena."

"Mwala ndi wanu," adayankha mayi Mwanjuma modekha. "Koma mudziwe kuti kuti ukhale wotambalala chonchi, linundali ndilidula. Ndipo ndikadula, silibwererapo."

"Dulani."

Ntchitoyo idatenga nthawi, pakuti magetsi ankangozimazima. Chimanga chidacha m'minda, chidakololedwa. Mayi Agatha adayamba kupunthwa ngakhale pakhomo pomwe adapazolowera. Tsiku lomwe uthenga udafika kuti mwala watha, a Damiano adakautenga mothamanga. Udali wokongola ndithu, wosalala, waukulu, woti aliyense m'minibasi adafuna kuugwirako. Iwo adafika kunyumba chifuwa chili patsogolo.

Adawatulutsa akazi awo padzuwa, adawatambasula dzanja n'kuikapo mwalawo.

"Make Tamanda, taonani chomwe ndakubweretserani."

Mayi Agatha adausisita ndi chala, adauyandikiza kumaso, adausendeza uku ndi uku. Adamwetulira kumwetulira kwa munthu wosafuna kukhumudwitsa mnzake.

"Ukuzizira bwino," adatero. "Ndipo kusalala kwake ngati tsaya la mwana."

"Koma mukuuona?"

Adaubwezera mwalawo pachikhatho. "Bambo a Tamanda, ndisakunamizeni. Ndikungoona chifunga changa chomwe chija."

A Damiano adawerama kuyang'ana. Kudzera m'mwalamo ankaona mizere ya chikhatho cha akazi awo, yonse bwinobwino, ngati akuyang'ana pazenera. Dzuwa linkalowa pamwamba n'kutulukira kunsi osasiya kanthu. Adayesa kuupendeketsa, adayesa kuwasunthira pena, koma mwala udangoti duu. Adautenga n'kukalowa m'chisakasa. Masiku otsatira, odutsa pamsewu sadamve sompho.

Patapita sabata ndithu, m'mawa wina dzuwa litakwera pang'ono, kabaza adaima pakhomo. Adatsika mayi Mwanjuma, mpango wawo uli kumutu. A Damiano adatuluka mwamanyazi, akuyembekeza mawu oti ndinkanena ine. Koma mlendoyo adangopereka moni mwaulemu n'kukagwada pafupi ndi mkeka wa mayi Agatha.

"Pa linunda lomwe ndidadula lija padatsala kachibenthu," adatero. "Ndi kanu, sindikadakasunga. Ndakadula mmene ndimadziwira."

Adamasula kansalu. A Damiano adachita kusuzumira kuti akaone, pakuti kadali kochepa ngati njere ya mphodza, atakamangirira kunsonga ya kawaya.

"Amayi, tembenukani, dzuwa likhale kumsana kwanu. Eya, choncho. Tsopano musafunefune kanthu, ingoyang'anani kutsogolo."

Adakakweza pafupi ndi diso la mayi Agatha, pomwe dzuwa lodutsa paphewa linkagwera, n'kuyamba kupotokola kawayako pang'onopang'ono.

Poyamba sipadachitike kanthu. Kenaka mayi Agatha adadzidzimuka ngati alumidwa ndi nyerere, n'kugwira mkono wa mlendoyo.

"Imani! Bwererani pomwe munali... Apo! Mayo ine!"

"Mukuona chiyani, make Tamanda?" adafunsa a Damiano.

"Moto. Kamoto kobiriwira... kazima. Kayakanso! Tsopano n'kofiira, kufiira kwa tsabola wakupsa. Bambo a Tamanda, ndidaiwala kuti kufiira kumaoneka chonchi!" Misozi idayamba kutsika, koma sadaphethire, kuopa kuti kangawathawe. "Aka n'kachikasu. Aka ngati thambo. Ambuye Mulungu, zonsezi zili m'kanthu kamodzi?"

Amayi omwe ankapita kumjigo adatula zidebe zawo n'kuyandikira. Timadontho ta kuwala tinkavina pankhope ya mayi Agatha, pamphumi, pamasaya onyowawo, ndipo iwo ankatchula mitundu umodziumodzi ngati mayi woitana ana ake omwe adasochera kalekale. A Damiano adagwada pafumbi. Moyo wawo wonse adauthera popanga zinthu zoti anthu aziona, koma chinthu chotere adali asanachionepo: dzuwa lonse la kumwamba litapindidwa n'kulowa m'njere ya mphodza, n'kukagogoda pa diso lomwe aliyense adalitaya.

Atatha, mayi Agatha adafufuza nkhope ya mlendo uja ndi manja awo onse awiri.

"Mwana wanga, ndiwe wa kwa yani?"

"Ndine wobwera, amayi. Kwathu n'kutali."

"Wabwera bwino."

A Damiano adawaperekeza mayi Mwanjuma mpaka pamsewu. Ali m'njira, adafunsa funso lomwe linkawadya.

"Ukadakhala wa nzama uja, bwenzi ataona zotani?"

"Musadzifunse zimenezo, bambo, zingakudwalitseni. Aona. Alhamdulillah, Mulungu atamandike."

"Ndidakunyozani m'nyumba mwanu momwe. Mundikhululukire."

"Munkafunira akazi anu zabwino. Kungoti munayeza ndi maso anu, osati awo."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse a Damiano ankawakhazika akazi awo chofulatira dzuwa n'kumapotokola kawaya kaja ndi zala zawo zokhakhala. Miyezi ya chilimwe idatha choncho. Mitundu idayamba kuchoka umodziumodzi, wofiira ndiwo udatsalira. Mvula yoyamba itagwa, mayi Agatha adati, "Lero sikadayake," ndipo sikadayakenso. Sadalire. Ankati mdima wawo si wofanana ndi womwe ankauopa, chifukwa akafuna amakumbukira mitundu ija n'kuiyatsa okha m'mutu.

Mwala waukulu uja a Damiano sadaugulitse, ngakhale ofuna adalipo. Udakhala pathabwa m'chisakasa, wokongola, wozizira, wopanda moto. Amisiri anzawo akaufunsa, iwo ankasiya sompho n'kufotokoza zonse osabisa mbali yawo, momwe adakanira kumva, ndi momwe mayi wobwera, yemwe iwo adamuyesa wosadziwa za kuno, adapatsira Agatha kuona kwake kotsiriza. Ndipo omverawo ankagwedeza mitu, pozindikira kuti akale sadaname pomwe adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.