Pakamwa Pavomera, Mutu Wakana

Ndikukuonani kumbuyoko mukugundana zigongono. Mukuti, "Mayi Kachingwe ogulitsa zitenje angatiuze chiyani za ku India, iwo ndege amangoionera m'mwamba?" Chabwino. Khalani pansi mundimve mpaka kumapeto, kenako wofuna kunditsutsa aimirire. Ine Folomu 4 ndinalemba kamodzi, osabwereza, ndipo pa Jogalafe aphunzitsi ankachita kundipatsa choko kuti ndijambule mapu pabolodi, iwo atakhala pansi. Mtsinje wa Ganga ndikudziwa mapiri amene umachokera ndi nyanja imene umathira. Tsono tcherani khutu.

Panali munthu wina, mlimi wa nandolo, kumidzi ya ku Balaka konkuno. Dzina sindinena, ali moyo. Munthuyu anali wokayika chibadwire. Mnzake akamupatsa moni mwansangala, iye ankayamba kaye wadzifunsa kuti akufuna chiyani. Akagula mbewu, ankaluma njere imodzi pamaso pa wogulitsayo. Mawu ake a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Pakamwa pamanama, thupi silinama. Munthu uzimuyang'ana, osamumvera." Nzeru imeneyi inamupulumutsapo kangapo kwa mavenda a masikelo obera, mwakuti anaikhulupirira koposa Baibulo.

Mkazi wake, Nangozo, anayamba kudwala maso. Poyamba ankangoona ngati utsi. Kenako anayamba kuphonya chitseko cha nyumba yake yomwe. Madokotala a ku Blantyre atamujambula m'mutu anapeza chotupa kuseri kwa maso, chikupanikiza mitsempha. Anati kuno sitingathe, koma ku India amachotsa. Mwana wawo wa ku Joni ndiye anakonza zonse, mapasipoti, ndege, ndi chipinda cha alendo pafupi ndi chipatala china mumzinda wa Mumbai. Ponyamuka, diso lakumanja linkaonabe zithunzithunzi, lakumanzere linkangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Nangozo sankayenda popanda dzanja la mwamuna wake.

Atangotera, bamboyo anayang'ana wotchi yake. Inkati sikisi koloko m'mawa. Ya pakhoma inkati hafu pasiti naini.

"Maola atatu ndingavomere," anatero, "koma theka ili alitenga kuti? Anthu obera ndi nthawi yomwe!"

Akanafunsa mwana wa Folomu 2 akanamuuza. Dziko limazungulira, ndipo dzuwa limayamba kutulukira anthu akum'mawa. India ndi dziko lotambalala, tsono anasankha nthawi imodzi ya pakati pa dzikolo, n'kugwera pa theka. Koma iye sanafunse. Wotchi yake anaisiya pa nthawi ya ku Balaka.

Unali mwezi wa Juni. Kwawo anasiya anthu akuothera dzuwa, udzu uli gwa. Ku Mumbai anapeza mvula ikukhuthuka usana wonse, madzi akuyenda mumsewu ngati mtsinje.

"Mvula ya mu Juni," anatero chapansipansi. "Iyi ndi yochita kuitana."

Si yoitana ayi. Iwo ali kumpoto kwa mzere wogawa dziko pakati, ife tili kumwera. Kuno kukamazizira kwawo kumakhala kutatentha, ndipo nthaka ikatentha, mphepo imachokera kunyanja itasenza madzi. Chaka ndi chaka zimatero.

Anaonanso ng'ombe itagona pakati pa msewu, magalimoto akuilambalala, palibe woiweta, palibe woiba. Anati ndi yokhwimira. Sanadziwe kuti Ahindu amalemekeza ng'ombe ngati mayi woyamwitsa, ndipo ambiri saidya. Kunyumba ya alendo anawabweretsera mpunga ndi ndiwo yachikasu yophotyoka. Bamboyo anainunkhiza n'kuikankhira kutali. Nangozo analawa.

"Abambo, uyutu ndi nandolo."

"Nandolo ndalima zaka makumi atatu. Nandolo sakhala wachikasu."

Anali nandolo yemweyo, wosendedwa khungu n'kuswedwa pakati, mwina wochokera m'munda mwake momwe, pakuti matumba athu ambiri amapita kumeneko. Bamboyo anakhalira buledi ndi tiyi.

Lachiwiri anakaonana ndi dokotala. Dokotalayo anali munthu wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anayang'ana zithunzi za m'mutu nthawi yaitali, naunika maso a Nangozo ndi katochi. Bamboyo anasonkhanitsa Chizungu chake chonse cha Sitandade 6, nafunsa kuti, "Adokotala, mkazi wangayu adzaonanso?"

Dokotala anamwetulira. Anapendeketsa mutu uku ndi uku, khutu ili kutsikira kuphewa, kenako linalo kutsikira kuphewa linzake, nati, "Inde, inde. Tikafulumira. Lachinayi m'mawa." Anamupatsa pepala loti akasaine, lovomereza opaleshoni.

Mtima wa bamboyo unagwa. Kwathu kuno dokotala akapukusa mutu pambali pa bedi, abale amayamba kutumiza uthenga kumudzi.

Atafika kuchipinda Nangozo anali wosangalala.

"Mwamva, abambo? Akuti Lachinayi."

"Iwe wamva. Ine ndaona."

"Mwaona chiyani?"

"Wapukusa mutu."

"Koma mawu ake anali a munthu wotsimikiza. Ine makutuwa ndi amene ndatsala nawo, ndipo wonama ndimamumva."

"Pakamwa pavomera, mutu wakana. Munthu uja akudziwa kuti sudzaona. Nanga akufuna kukung'amba mutu chifukwa chiyani? Chilipo chimene akufuna m'thupi mwakomo."

"Ha! Afune chiyani mwa ine, nkhalamba yotha mano? Impso zotopa ndi thobwazi? Bwanji mukamufunse kuti wapukusiranji mutu?"

"Ndikafunse mbala ngati ili mbala?"

Lachitatu anapita yekha kuchipatala kukafufuza. Anapeza namwino pakhonde, namukokera pambali. "Dokotala uja ndi wabwino?" Namwino anapendeketsa mutu uku ndi uku. "Alipo amene anachira m'manja mwake?" Namwino anamwetulira, napendeketsanso mutu, kawiri konse. Bamboyo anabwerera thukuta lili kamukamu. Tsopano anali ndi mboni. Mwana wake wa ku Joni sanamuimbire, pakuti ankati ana a masiku ano amakhulupirira aliyense wovala zoyera.

Lachinayi m'mawa anapinda pepala lija osasaina, naliika m'thumba la jekete pamodzi ndi mapasipoti. Ananyamula chikwama, nagwira mkazi wake dzanja. Atatuluka pageti anakhotera kumanzere.

"Abambo, mwasochera. Kuchipatala timalowera uku kumene kumalira kabelu ka m'kachisi."

"Tikupita kwathu. Ndikawachonderera a ndege atisinthire tsiku. Kuli bwino ukakhale wakhungu pakhonde pako kusiyana ndi kuti ndikubweretse m'bokosi."

"Masowa ndi anga, abambo."

"Koma dzanjali ndi langa."

Nangozo anangomutsatira. Akanatani, mumzinda wa eni, m'mvula, osaona ngakhale phazi lake?

Pamphambano panaima tinjinga tamoto ta mawilo atatu tokhala ndi denga, timene timanyamula anthu kumeneko. Bamboyo anafika pa woyendetsa woyamba.

"Eyapoti?"

Woyendetsayo anapendeketsa mutu uku ndi uku. Bamboyo anapita kwa wachiwiri.

"Eyapoti?"

Chimodzimodzi. Wachitatu naye chimodzimodzi, uku akupukuta mpando ndi kansanza.

"Waona?" ananong'oneza mkazi wake. "Onse akukana. Dokotala uja wawauza kale kuti asatinyamule. Dziko lonseli ndi limodzi."

Nangozo anapapasa ndi dzanja linalo, napeza mpando wa kanjinga kachitatu kaja, nakhala.

"Ine ndatopa. Wokanayo andichotse yekha."

Woyendetsa sanamuchotse. Analiza injini, nayang'ana bamboyo kuti akwere. Bamboyo anakwera mtima uli m'mwamba, chikwama atachikumbatira pachifuwa, akuwerenga makona onse kuti adziwe kumene akuwabera. Anayenda, anayenda. Kenako kanjinga kanaima. Ndege yaikulu inadutsa pamwamba pa mitu yawo, mawilo ali panja, chiphokoso chake mpaka Nangozo anatseka makutu.

Bamboyo anatsika pang'onopang'ono.

"Eyapoti ndi pano?"

Woyendetsa anapendeketsa mutu uku ndi uku.

Bamboyo anayang'ana ndege ija, nayang'ananso mutu wa munthuyo. Anatambasula dzanja, madontho akugwera pachikhatho. "Iyi ndi mvula?" Mutu unapendekeka uku ndi uku. "Iwe ndiwe mwamuna?" Woyendetsa anaseka mpaka mano onse panja, mutu ukupendekekabe. Pamenepo bamboyo anafunsa funso lina.

"Kuno ndi ku Malawi?"

"Ayi, ayi! India!" Ndipo ulendo uno mutu sunapendekeke. Unatembenuka, chibwano kuloza phewa ili, kenako linalo.

Bamboyo anakhala pansi pamphepete pa msewu, pamadzi pomwepo. Anakumbukira dokotala. Anakumbukira namwino. Anthu onse aja ankati inde.

"Nangozo," anatero, "inu munamva bwino."

"Nanga tikudikira chiyani? Muuzeni atembenuke."

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, pepala litanyowa m'thumba. Bamboyo analisaina pamaso pa dokotala. Dokotala sanakalipe. Anangofotokoza kuti atawadikira mpaka naini koloko, malo awo anapatsa wodwala wina, ndipo odikira ndi ambiri, ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Malo ena apezeka pakatha milungu itatu.

"Sizingatheke mawa, adokotala? Kapena mkuja?"

Dokotala anapukusa mutu mmene timapukusira kuno.

Anadikira. Bamboyo anakonza wotchi yake. Anayamba kudya nandolo wachikasu uja. M'mawa uliwonse ankatsegula katani n'kufunsa mkazi wake ngati akuona kuwala. Pa mlungu wachiwiri Nangozo anatseka diso lakumanja ndi chikhatho, natembenukira kuwindo, nakhala choncho kanthawi.

"Abambo, lakumanzereli lazima."

Opaleshoni inachitika pa tsiku lake, ndipo inayenda bwino. Palibe chimene anamuchotsa kupatula chotupa chija. Diso lakumanja linatseguka, moti lero Nangozo amasankha yekha mpunga palichero. Lakumanzere silinadzukenso. Mukadzawaona akupita kutchalitchi, mudzaone kumene bamboyo amayenda. Nthawi zonse amakhala mbali yakumanzere kwa mkazi wake, kumene mkaziyo saona.

Tsono inu amene mwakhala apa, kukayika si tchimo. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo wosakayika amagula mchenga m'thumba la feteleza. Koma muyeso wa kwanu umagwira kwanu. Munthu uyu sanali chitsiru. Anali ndi maso akuthwa, koma ankawerenga nkhope za eni ndi zilembo za kumudzi kwake, ndipo kufunsa ankakuona ngati kudzitsitsa. Safunsa anadya phula. Uyu phulalo anadyetsa mkazi wake. Musanapite kwa eni, funsani kuti mvula yawo imagwa liti, amadya chiyani, amapatula chiyani, amavomera bwanji. Ndipo mwana akabwera ndi buku la mayiko akutali, lekani kumunena kuti zidzamupindulira chiyani. Tsiku lina ndi iyeyo amene adzakugwirani dzanja.

Ine zinandipindulira, ndipo sindibisa. Chaka chatha a Likaka a ku Ulongwe anabwera kwathu ndi ana awo, asanapite ku India kukakonzetsa mtima. Ndinawakhazika pakhonde masana awiri, ndinawajambulira mapu pansi ndi kamtengo, ndinawauza fanizo lomweli, mpaka ndinawaonetsa ndi mutu wangawu kupendeketsa kwake. Anasaina tsiku loyamba, ndipo anabwerako akuyenda okha. Zimene ndinalandira ndi izi: nsalu ya sari imodzi yobiriwira, mamita asanu ndi theka, ya golide m'mphepete, paketi imodzi ya tiyi wa ku Assam, ndi mbuzi yaikazi imodzi, imene mwezi watha yaswa ana awiri.