Kanjedza Woyanga Patsinde pa Mango

Panali munthu wina kudziko la mvula yosakata, dzina lake Malizani, mmisiri woluka mipando. Sankalukira nsungwi ayi. Kumeneko kuli kanjedza wina amene saima yekha ngati wathu uno. Amayanga. Ali ndi minga yokhota ngati mbedza, ndipo amakola nayo mitengo ina n'kumakwera mpaka kunsonga. Ukamukokera pansi n'kumusenda, m'kati mumatuluka ndodo yosalala, yopindika koma yosathyoka. Mpando wake sutha msanga.

Koma anthu anamudula m'nkhalango mpaka anatha psiti. Malizani ankayenda masiku awiri, n'kubwerako ndi kamtolo kosakwana mpando umodzi. Anaona kuti luso la makolo ake lifera m'manja mwake, ndipo zinamuwawa kwambiri.

Ndiye anatola njere nafesa. Zitamera, anawokera mbande khumi patsinde pa mtengo waukulu wa mango umene bambo ake anabzala. Anthu anaseka, amvekere, "Munthu wamkulu ndevu pepeya kubzala minga!"

Chaka choyamba mbande zinakondwa nawo mthunzi. Chachiwiri chimodzimodzi. Koma chachinayi chinazipeza zili pomwepo, zolekeza m'mawondo, masamba ali achikasu. Zisanu ndi ziwiri zinafa. Munthuyo anathira manyowa, anapalira, anathirira. Ayi ndithu, sizinasinthe.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anagwada kuti apalire zitatu zotsalazo. Anayang'ana dzanja lake, osaonapo ngakhale kadontho ka dzuwa. Anakweza maso, thambo osaliona. Ha! Mthunzi umene unalera mbande zija zili zanthete ndi womwewo unkazipha tsopano.

Nthawiyo mango anali atayamba kubereka, nthambi zili lendelende. Mtengo umenewo ndi umene unkadyetsa banja lake m'miyezi ya njala. Malizani anapita kukatenga chikwanje. Mkazi wake anamutsatira.

"Abambo, mango awa simukuwaona? Ana adya chiyani nkhokwe ikatha?"

"Ndikuwaona, mayi. Koma tating'onoti tikufa ndi mdima."

"Ndiye ingogwetsani mtengo wonsewo, mtima wanu ukhale pansi!"

"Ndikagwetsa, kanjedzayu akwera pa chiyani?"

Anakwera. Anadula nthambi zitatu zikuluzikulu, zobereka kuposa zonse. Timango tosakhwima tinayoyoka ngati matalala. Atatsika anakhala pansi n'kulira, pakuti mtengowo ankaukonda. Chaka chimenecho banja lija linagona ndi njala masiku ena, sindikubisirani.

Koma mvula itagwa, kanjedza anaponya chingwe chake cha minga, nakola khungwa la mango. Ukanamuona mmene ankathamangira kumwamba! Patapita zaka zisanu, Malizani anakoka ndodo yaitali moti anthu anayi anachita kuthandizana kuinyamula. Patsinde pa kanjedza pamene anadula panali pataphuka kale ana ena. Mtengo wa mango nawo unali chilili, ukuberekabe.

Munthu ameneyu ine ndimamulemekeza. Kugwetsa mtengo aliyense akhoza, kuusiya osaukhudza n'kosavutanso. Iye anadula pamene pankamupweteka.

Tsono inu akulu anzanga a mumpingo muno, achinyamata athu mumawakonda, sindikukana. Munawateteza ali aang'ono, ndipo munachita bwino. Koma taonani, ena amera imvi asanatsogolerepo ngakhale pemphero limodzi. Pamsonkhano mawu oyamba ndi anu, omaliza ndi anunso. Sindikuti muchoke ayi. Thunthu lanu akulifuna, popanda inu angokwawa pansi. Ndikunena za udindo uja umene mumaugwira bwino kuposa wina aliyense, umene mumati ukachoka m'manja mwanu zinthu ziwonongeka. Mwina ziwonongekadi chaka chimodzi. Kwerani nokha mudule nthambi imeneyo, chifukwa anawa amakuopani, ndipo adzafota chamumtima osakupemphani.