Don Belisario Akana Njinga ya Batire

Mu shopu yokonzera njinga ya Don Belisario Ocampo, kumunsi kwa msika wa ku Santa Rufina, munali lamulo limodzi lokha: njinga ya batire isalowe. Ukabwera nayo itaphulika tayala, madalawo ankakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kukulozera msewu ndi sipanala. "Pitani kwa okonza mafiriji," ankatero. "Ine ndimakonza njinga."

Tisawanamizire, anali ndi podzitamira. Paunyamata wawo anapalasa m'mipikisano ikuluikulu ya dziko lino, ndipo msewu wokwera phiri la moto, uja umalowa mu paki n'kukathera pamene chipale, madzi oundana oyera a pamwamba pa phiri, chimayambira, ankaudziwa kuposa khonde la nyumba yawo. Kwa zaka makumi anayi, Lamlungu likafika ankaponya maswiti a gwafa m'thumba la jezi n'kuuyamba wa kuphiri. Akazi awo, Doña Edilma, ankatsala pakauntala akugulitsa machubu ndi masipoko. Madzulo bambowo ankabwera milomo itang'ambika ndi mphepo, nkhani zili mbwee: utsi lero unali wakuti, chipale chatsika mpaka pakuti. "Tsiku lina ndidzakutengani mukaone nokha," ankatero, ndipo mayiwo ankangogwedeza mutu akutseka mawindo a shopu.

Kenaka kunabwera za maso. Doña Edilma anayamba kugunda mafelemu a zitseko ndi kuponda mphaka. Dokotala wa ku mzinda sanazungulire: mitsempha ya maso inali kufa, mdima unali kulowa kuchokera m'mbali, ndipo nthawi yoona inatsala miyezi, osati zaka. Mayiwo sanalire pamaso pa munthu. Anafika kushopu, anaika chikwama pakauntala, n'kunena chimene ankafuna.

"Bambo a Yurany, lonjezo lija ndalifuna tsopano. Ndikufuna ndikaime pa chipale chija ndikuonabe, inu muli pambali panga. Sindikupemphani china."

"Zosavuta zimenezo," anayankha Don Belisario, maso ali pa gudumu lomwe ankawongola. "Tidzapita mu Disembala kukauma. Ndiyambe ndadzutsa miyendoyi."

Miyendo yake iti, abale? Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, bondo lakumanzere lolira ngati chitseko chadzimbiri, phirilo atalisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Mwana wawo Yurany, mayi wa ana awiri, anali pomwepo. Ntchito yake inali yoyendetsa alendo mu paki muja pa njinga za batire, chifukwa chigumukireni msewu chaka china, galimoto zonse zimathera pageti. Bambo ake ntchitoyo sankaitchula n'komwe.

"Ababa, Loweruka lino ndili ndi njinga ziwiri zongokhala," anatero Yurany. "Phiri lili phee, chenjezo la kuphulika likadali lotsika, lachikasu, geti ndi lotsegula. Za mu Disembala palibe akuzidziwa."

"Ine, Belisario Ocampo, ndikakwere phiri langa pa chikuku cha alesi? Mudzandikweze ndikafa, pamenepo sindidzatha kukana."

"Akakuoneni ndani kumeneko?"

"Phiri likandiona."

"Nanga ine likandiona, likandiseka?" anafunsa Doña Edilma.

"Inu nzina. Inu mulibe dzina loti muteteze."

Mawu amenewo anawalasa mayiwo, ndipo sanabise. "Zoona, dzina ndilibe. Ndinali wolondera shopu kuti ena akhale nalo. Yurany, bweretsa imodzi mawa m'mawa."

Sabata yonseyo tauni inadya nkhani. Gogo wa imvi, amene anasiya kupalasa Yurany asanabadwe, ankazungulira bwalo la tchalitchi pa njinga ya batire, atavala chipewa cha pulasitiki ndi siketi yopisira m'masokosi. Poti maso awo ankangoona za kutsogolo kokha, ngati munthu wosuzumira mu paipi, anapangana kuti Yurany azitsogola atavala jekete yofiira, iwo azingotsata kufiirako. Lachitatu anagwera m'maluwa. Amuna okhala pabenchi anaseka mpaka kutsokomola, mmodzi n'kufunsa ngati amuna awo alola zimenezi. Doña Edilma anadzuka, anasasa dothi, n'kumuyankha kuti, "Amuna anga ali ndi njinga yawo, bambo. Sunthani mapaziwo ndingakupondeni."

Loweruka m'mawa, galimoto ya Yurany ikulira pakhomo, Don Belisario anatulukira akukankha njinga yawo yakale yachitsulo, atavala jezi ya mpikisano yomwe njenjete zinali zitailawa kumsana.

"Ndikupita nawo," anatero. "Koma pa njinga. Mukandipeza pamwamba ndikukudikirani."

Doña Edilma anasangalala, ndipo sanafune kuwononga m'mawawo ndi mkangano. Anawapatsa arepa wotentha, kachikondamoyo ka chimanga, ndi tchizi, onse n'kukwera galimoto.

Kuchoka pageti kukafika pa chipale ndi makilomita khumi ndi anayi, ndipo palibe pamene msewuwo umakupumitsa. Mpweya kumeneko ndi wochepa, ngakhale anyamata amakwera pakamwa pali yasa. Don Belisario atangolandira matikiti, ulendo, ataimirira pa zopalasira ngati kale. Akazi awiriwo ananyamuka modekha, timainjini tikung'ung'udza pansipansi. Kilomita yoyamba sanawaone. Yachiwiri anawaona patali, njinga ikupita uku ndi uku ngati ya woledzera. Pa kilomita yachitatu, pafupi ndi kanyumba ka alonda a paki, anawapeza atakhala pamwala, milomo itachita bii, akupuma wefuwefu.

Yurany sanawanyoze. Anatsika, anatsitsa chishalo cha njinga yake, n'kuiimika patsogolo pawo. "Ababa, tengani iyi. Yanuyo ndipalasa ine. Kupalasa mupalasabe ndithu, batire imangokukankhani pang'ono kumbuyo."

Madalawo anaiyang'ana. Ndikukhulupirira kuti dzanja linatsala pang'ono kupita, chifukwa mantha anali atawagwira ndipo ankadziwa kuti miyendo yawakana. Koma tsoka silinunkha. Nthawi yomweyo kunatulukira gulu la opalasa a kalabu ya m'tauni, amuna asanu ovala zothina, ndipo wotsogola anawazindikira.

"Si Don Belisario awa? Ngwazi yathu ikukwerabe pa chitsulo. Onani, anyamata, amuna enieni ndi awa, osati za mabatirezi."

Basi, zinathera pomwepo. Don Belisario anawongola msana, anakweza dzanja ngati wopambana, n'kuti, "Ndikungopuma pang'ono, pitirirani." Gululo litakhota pakona, anakankha njinga ya Yurany ndi nsonga ya nsapato.

"Chotsa ichi. Lero sindinadzuke bwino, ndi arepa uja. Tiyeni titsike tonse, tidzabwera mwezi wamawa nditakonzeka."

Doña Edilma anavula magalasi kuti awaone bwino. "Belisario," anatero, ndipo dzina limeneli sankalitchula kawirikawiri, "anthu aja apita, sakukuonani. Amene ndikukuonani ndine, ndipo sindikuonani nthawi yaitali. Kwerani njingayo. Ndikukupemphani."

"Mukufuna mundivule ulemu ndili moyo?"

"Ndikufuna mwamuna wanga pamwamba paja."

"Ndati mwezi wamawa. Phiri silithawa."

Mayiwo anavalanso magalasi. Mkwiyo unali utawadzaza. "Mwezi wamawa ndi wanu, ine wanga ndi uno. Ndakudikirani zaka makumi anayi pakauntala, sindikudikiraninso pamwala. Yurany, tsogola."

Anapitadi. Anadutsa pakati pa zomera za masamba aubweya zimene zimaima m'mapiri ngati ansembe pa mwambo, kenaka zomera zinatha, kunatsala mchenga wotuwa ndi miyala yakuda ya chiphalaphala chakale. Fungo la mazira owola linayamba kubwera ndi mphepo. Mutu unkawawawa, zala zinachita dzanzi, ndipo kawiri konse Yurany anafunsa ngati abwerere. "Ukafunsanso ndikupitirira," anayankha mayi ake. Pa kilomita yakhumi anawapitirira amuna awiri a kalabu aja akukankha njinga zawo wapansi. Doña Edilma anawaimbira belu, n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse.

Pamene msewu umathera mayiwo anatsika, n'kuyenda mpaka nsapato zinaponda choyera. Anavula golovesi, anatapa chipale, anachifinya mpaka madzi kutsika m'mkono. Poti sankatha kuona phiri lonse nthawi imodzi, analiona pang'onopang'ono, akutembenuza mutu: apa chipale, apa thanthwe lofiirira, apo utsi woyera ukukwera tolotolo kuchokera m'kamwa mwa phiri, uko mitambo ili pansi pa mapazi awo, itaphimba minda yonse ya khofi. Anaseka, kenaka analira. Chimwemwe chinalipo chachikulu, koma mkwiyo nawo sunachoke. Atatha kuona zonse anatembenukira ku msewu umene anadzera, n'kuuyang'ana nthawi yaitali, kuti mwina madala aja asintha maganizo, abwereka njinga kwa alonda. Msewu unali mbee. Yurany anawagwira paphewa n'kuwauza kuti chifunga chikubwera, ayambe kutsika.

Akazi awiriwo anakapeza Don Belisario m'kanyumba ka alonda, atafunda bulangeti, akumwa madzi otentha a shuga wa nzimbe ndi kufotokozera alondawo za mpikisano wa kale. M'galimoto sanafunse kuti kumwamba kunali bwanji, ndipo akazi awo sanawauze.

Kunena zoona, Lolemba lake madalawo anayambadi kukonzekera. M'mawa uliwonse ankapalasa chitunda cha kumanda, bondo atalimanga ndi bandeji, ndipo ankauza aliyense kuti mwezi wamawa anthu aona. Koma patangotha masiku khumi ndi limodzi, phiri linatsokomola. Tauni inadzuka madenga ndi magalimoto zili mbuu ndi phulusa, mawindo akunjenjemera, wailesi ikulengeza kuti chenjezo lakwera kufika pa lalalanje. Geti la paki analitseka tsiku lomwelo. Mwezi wamawa uja unafika n'kupita, Disembala anafika n'kupita, phiri likufukabe. Pofika pa Pasaka, Doña Edilma sankathanso kusiyanitsa nkhope ya munthu ndi khoma. Geti linakhala chitsekere chaka ndi miyezi iwiri.

Tsiku limene anamva kuti atsegula, Don Belisario anatseka shopu masana n'kupita kwa Yurany. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma anabwerako akukankha njinga yaitali ya anthu awiri, ya batire, akudutsa nayo pakati penipeni pa msika anthu onse akuona. Wina anawafunsa ngati ayamba kukonza mafiriji, iwo anangopitirira. Anapeza akazi awo pakhonde akusenda nyemba ndi zala zozolowera.

"Mayi a Yurany, atsegula. Ndabweretsa ya anthu awiri. Ine ndikhala kutsogolo, inu kumbuyo. Ndi ya batire." Mawu omalizawo anatuluka movutikira.

Doña Edilma sanasiye kusenda. "Ndikatani kumeneko? Kuzizira ndingakumve ndi pakhonde pano."

"Ndikakufotokozerani zonse zimene ndikuona."

"Munandifotokozera zaka makumi anayi, ndipo munkalakwitsa. Thanthwe lija si lakuda ayi, ndi lofiirira. Ndinadzionera ndekha."

"Ndinalakwa, Edilma. Ndabwera kuti tikonze."

Apa ndi pamene mayiwo anaika mbale pansi n'kutembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu. Sanakweze mawu, ndipo chipongwe munalibe.

"Ndakumvani, ndipo sindikukusungirani kanthu. Koma mvetsani. Chinthu chomaliza chimene maso awa anaona bwinobwino ndi pamwamba paja. Ndimachiona tsiku lililonse, nditsegule maso kapena nditseke. Muli chipale, muli utsi, muli Yurany ndi jekete yake yofiira, mulinso msewu wopanda munthu. Ndinakusungirani malo m'menemo, inu simunabwere. Tsopano mulibe poti n'kulowetsamo munthu. Kwerani nokha, bambo, mukaone. Pa kilomita yakhumi pali kona yoipa, mukachepetse liwiro."

Don Belisario anakhala pa sitepe, manja ali pa mawondo, njinga ija itatsamira mpanda. Analira ngati mwana, ndipo akazi awo anatambasula dzanja, anafufuza mpaka kupeza mutu wawo, n'kulisiya pamenepo. Dzanja linalo linabwerera ku nyemba.

Wowotcha chimanga amadziwa kuti mbali imene yapsa sumaisungira kuti chonse chipse kaye, chifukwa moto sunapangane nawe kanthu. N'chifukwa chake akuluakulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.