Ng'ombe Ziwiri, Batire ndi Malita Asanu

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzanadzanali pamene mafuta a galimoto ankadzuka ndi mtengo wina n'kugona ndi wina, kunali bambo wina dzina lawo a Kamtedza. Bambowa anali ndi galimoto ya matola, yokalamba ngati eni ake, imene inkanyamula anthu ndi matumba kuchokera kumudzi kwawo kupita kuboma. Zaka makumi awiri ali pachiwongolero chomwecho, ndipo ana awo atatu analeredwa ndi galimoto imeneyi.

Tsono mafuta atavuta, a Kamtedza anasanduka mlonda wa galimoto yawo yomwe. Masiku awiri pamzere, tsiku limodzi pamsewu. Akakweza mtengo wa ulendo, anthu ankangowayang'ana n'kuuyamba wapansi. Akapanda kukweza, ankangogwirira ntchito eni filing'i. Anatopa, abale, kutopa kofika m'mafupa. Ndipo pamzere paja pali lamulo lake losalembedwa: ukachotsa galimoto, malo ako apita, ngakhale ulire kuti kwanu kwagwa zovuta.

Kunyumba nako ana sankawapatsa mpata wopuma. Layitoni, woyamba kubadwa, amene ankaitanira anthu pagalimotopo, ankati galimoto ndi galimoto basi, mafuta adzatsika. Felesiya, wachiwiri, amene anakwatiwa kubanja la ngolo, ankati agulitse chiphaphacho agule ng'ombe ziwiri ndi ngolo, poti msipu sauimira pamzere. Maliseni, mzime, amene ankachita kabaza pa njinga yamoto ya eni ake yoyendera batire yotchajidwa ndi dzuwa, ankati chiyambire dziko dzuwa silinakwerepo mtengo. A Kamtedza ankangovomera onse atatu, chifukwa mphamvu zokangana analibe.

Paja tsoka silinunkha. Mwezi wa Januwale, mvula ya mvumbi itagwa masiku atatu, a Kamtedza anali pamzere kuboma ndi Layitoni masiku onsewo. Thanki inali gwaa, moti galimoto ankachita kuikankha ndi manja mzere ukasuntha. Koma anali atafika pachinayi kuchokera pampope, ndipo mphekesera inali yoti thankala ya mafuta ifika masana omwewo. Foni inalira. Anali Felesiya.

"Ababa, amayi yawaluma mphiri kumunda. Mwendo ukutupa."

A Kamtedza anayang'ana galimoto yawo yopanda ndi dontho lomwe, n'kukhala pansi m'matope momwemo. Mkazi wawo, a Nangondo, anali makilomita makumi atatu kuchokera kuchipatala, iwo ali pano kulondera chitsulo.

Munda uja unali kutsidya kwa dambo, kumene matope ankalekeza m'mawondo. Kumeneko sikukanalowa galimoto kapena njinga, ngakhale mafuta akanakhala aulere. Mwamuna wa Felesiya anali atachokapo, ndiye Felesiya anamanga yekha ng'ombe pagoli, n'kulowetsa ngolo m'dambomo, n'kuwatulutsa mayi ake mpaka kumsewu. Koma ng'ombe siidziwa kuti kuli matenda. Ulendo waufupiwo unadya ola lathunthu, mwendo ukunka nutupa.

Kumsewu kunali Maliseni akudikira. Anawakweza mayi ake panjinga, n'kuwamangirira kumsana kwake ndi chitenje, Felesiya n'kukhala pambuyo kuwachirikiza. Njinga ija inathamanga osati masewera, makilomita makumi awiri ngati kuphethira kwa diso. Koma mvumbi uja unali utabisa dzuwa masiku atatu, sola sinatchaje batire mokwanira, ndipo anthu atatu ndi katundu wolemera. Atafika pamlatho, patatsala makilomita khumi, njinga inangoti zii. Maliseni anaimbira bambo ake foni.

Apo n'kuti Layitoni atazemba pamzere paja. Anabwera kuchokera kuseri kwa magolosale atanyamula chigubu cha malita asanu. Bambo ake atamufunsa kumene wawatenga, anayang'ana pansi.

"Ndi anu omwe, ababa. Ndinkapopa pang'onopang'ono ndi paipi. Ndimati ndikagulitse."

Ha! Kani thanki inkauma msanga chonchija si ukalamba wa injini? A Kamtedza zinawapweteka kwambiri, koma nthawi yokalipa panalibe. Anathira mafutawo, anzawo apamzere n'kuwathandiza kutulutsa galimoto pamene inapanikizika. Akutuluka pachipata, anaphonyana ndi thankala ikulowa, ndipo malo awo a masiku atatu aja n'kuti atalowapo kale wina. Sanatukwane. Anangopukusa mutu n'kuponda moto kulowera kumlatho.

A Nangondo anafika kuchipatala akupuma mobanika. Adokotala anati akanachedwa theka la ola, bwenzi tikunena zina. Moyo unapulumuka, mwendo nawo unapulumuka, koma bala linali lalikulu, ndipo anawauza kuti azibwera Lachisanu lililonse kudzatsukitsa mpaka litapola.

A Nangondo atatulutsidwa m'chipatala, a Kamtedza anaitanitsa ana awo n'kuwauza kuti iwo pamzere sadzagonanso, msana wakana. Panali makaniko wina wa kuboma amene ankaifuna galimoto ija, koma mtengo wake unali wongokwana chinthu chimodzi: ngolo ndi ng'ombe zake, kapena njinga ya batire. Apo ayi, galimoto ikhale, aisiyire Layitoni. Chimene chisankhidwe ndicho chizidyetsa banja ndi kupititsa mayi kuchipatala, ndipo mwana amene akuchidziwa ndiye akhale mwini wake.

Felesiya anati popanda ngolo amayi akanatsirizikira m'dambo, enawo akudikira kumsewu ndi nsapato zoyera. Maliseni anamuyankha kuti achemwali asaiwale kuti ng'ombe zawozo zikanafika kuboma tsiku la maliro, ndipo makilomita ambiri anawadula ndi iyeyo. Layitoni anadikira onse athe, kenaka anangofunsa kuti pamlatho paja anawatola ndani.

"Ndi mafuta akuba, achimwene," anatero Felesiya.

"Akanapanda kubedwa, bwenzi atapsa kalekale pamsewu," anayankha Layitoni.

A Kamtedza anatembenukira kwa mkazi wawo, amene anakhala pamphasa mwendo uli pamtsamiro, kuti mwina awalanditse. A Nangondo anati onse atatu anawabereka okha, ndipo tsiku lija sanaone ngolo, njinga kapena galimoto, anangoona misana ya ana awo.

Ndiye bambo aja anatsala okha ndi mutu wawo. Akaganiza ngolo, ankakumbukira ola lija la m'dambo. Akaganiza njinga, ankayang'ana kumwamba, mitambo ili bii. Akaganiza galimoto, ankaona mzere, mtengo wa mafuta umene unakweranso sabata yomweyo, ndi paipi ya mwana wawo. Kumupatsa Layitoni kunali ngati kuyamikira kuba. Kumumana kunali ngati kuiwala amene anaulula yekha manyazi ake kuti mayi ake akhale moyo. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma kwa a Kamtedza panalibe n'chimodzi chomwe chokoma. Chilichonse chinawapulumutsira mkazi, chilichonse chinamusiyanso panjira.

Linali Lachitatu. Makaniko anati abwera Lachinayi m'mawa ndipo sabweranso kachiwiri. Lachisanu a Nangondo ankayenera kukapezeka kuchipatala, ndipo galimoto inali pabwalo, thanki ili gwaa.

Tsono inu mwamva nonse, musangoti kukamwa yasa. Mukanakhala a Kamtedza, mkazi wanu mukanamuika m'manja mwa yani: wa ng'ombe zosaima pamzere koma zosadziwa changu, wa njinga yodya dzuwa m'mwezi wa mvula, kapena wa galimoto amene anapulumutsa mayi ake ndi mafuta omwe anakuberani?