Chimene a Yotamu Anadya kwa Myuda ku Joni

Kale kwambiri, msewu wa pasitolo uja ukadali kanjira ka mbuzi, m'mudzi muno munali munthu wina dzina lake a Yotamu Msampha, atate a agogo anga. Anali ofatsa, osakonda phokoso, koma akanena kuti ayi, inali ayi basi.

Ali mnyamata anapita ku Joni kukagwira ntchito mumgodi. Mwala unawaphwanya phazi, ntchito n'kutha. Munthu wotsimphina, kudziko la eni, angalowere kuti? Anawatola ndi telala wina wachiyuda, a Mendelo. Poyamba ankasesa, kenaka ankasita, mapeto ake anakhala pamakina.

Chaka china, nyengo ya Paskha, a Mendelo anawaitanira kuchakudya cha banja lawo. Patebulo panali buledi wopanda chotupitsa, masamba owawa ndi vinyo. A Mendelo ananyema bulediyo, anadalitsa chikho, n'kuyamba kusimba za akapolo otuluka m'manja mwa Farao. A Yotamu anadabwa, n'kufunsa.

"Bwana, nkhaniyi ndi ya m'Malemba athu. Mwaidziwa bwanji?"

A Mendelo anaseka mpaka kutsokomola. "Yotamu, amene ankaumba njerwa za Faraowo ndi makolo anga. Yesu wanuyo amayi ake ankamukonzera chakudya chomwechi."

Kenaka anafotokoza kuti kwawo, kutsidya kwa nyanja, anthu otuluka m'tchalitchi nyengo ngati yomweyi anawatenthera nyumba, akufuula kuti Ayuda anapha Yesu. Mlongo wawo sanatulukemo.

Anabwerera kuno ndi makina osokera, anakwatira a Nangondo, anakhala mkulu wa mpingo. Tsono pa Lachisanu Loyera lina, mlaliki wathu, a Gidiyoni Chatsika, anatenthedwa ndi ulaliki. Sanali munthu woipa ayi, ankangobwereza zimene anamva kwa ena. Anati Ayuda ndi mtundu wotembereredwa, Mulungu anawataya, ndipo mabuku awo akale aja Mkhristu asatope nawo.

Mukuganiza kuti a Yotamu anatani? Anaimirira. Ndi phazi lawo lopindika lija, anaimirira pakati pa ulaliki.

"Pepani aphunzitsi, ndifunseko. Amayi a Ambuye anali a mtundu wanji?"

A Yotamu anapitiriza.

"Nanga Petulo? Nanga Yohane amene anaima pamtanda? Nanga masalimo taimba m'mawa uno, anatiphunzitsa ndani? Ngati onsewo ndi otembereredwa, ife tatsala ndi yani?"

A Chatsika anakalipa, "Khalani pansi, a Msampha!"

Anakhala pansi, koma mlandu unali utabadwa. Akulu a mpingo anawaitana n'kuwauza kuti abweze mawu awo pamaso pa anthu. A Yotamu anati, "Kudula ulaliki ndinalakwa, ndipepesa. Koma mawuwo sindibweza. Ndinadya m'nyumba ya Myuda ine." Anawachotsa paukulu, anawaletsa Mgonero.

Kunyumba a Nangondo analira. "Atate ake, munthu wa ku Joniyo sadzamva n'komwe kuti mwamuikira kumbuyo. Ingopepesani." Iwo anangoyankha kuti, "Iye sadzamva, koma ine ndamva."

Mukuti anasiya kupemphera? Ayi ndithu. Lamulungu lililonse ankafika woyamba, n'kukhala pabenchi ya kumbuyo. Tsiku la Mgonero mbale inkawadutsa, chikho chinkawadutsa, iwo maso pansi. Chaka chinatha. Chachiwiri chinatha. Ena anasiya kuwasoketsa zovala, ena ankawatcha Myuda powanyoza. Iwo ankangoti, "Zikomo, mwandipatsa dzina la Ambuye wanga."

M'chaka chachitatu, mvula ili pafupi kusiya, a Chatsika anafika pakhonde pa a Yotamu atanyamula jekete long'ambika pamkono. Anapatsidwa mpando. Makina anayamba kulira. Mkono utatha kusokedwa, mlaliki sananyamuke.

"A Msampha, funso lanu lija landisowetsa mtendere. Ndawerenga kuyambira pachiyambi kufuna kukugonjetsani. Kulikonse kumene ndatsegula ndikupeza Ayuda okhaokha, Ambuye nawonso ali pakati pawo. Tandiuzeni, chakudya munadyacho chinali chotani?"

A Yotamu anaimitsa makina. Anasimba za buledi, za masamba owawa, za chikho. Anasimbanso za nyumba yotenthedwa ija ndi mlongo amene sanatuluke. A Chatsika anagwira pakamwa. "Ndiye kuti moto umenewo unayambira paguwa, pa mawu ngati anga aja?"

"Sindinganame, aphunzitsi. Unayambira pomwepo."

Paskha wa chaka chimenecho, a Chatsika anaima pamaso pa mpingo n'kunena kuti analalikira zimene sanazifufuze. Anati chimene chinafikitsa Ambuye pamtanda paja ndi uchimo wa anthu onse, wawo womwe, osati mtundu umodzi. Atatero anatenga mbale ya Mgonero, anadutsa mabenchi onse, n'kukayambira kumbuyo kwa a Yotamu. A Yotamu anatenga buledi, n'kudya.

Ndiye mukaona kuti ife a kwa Msampha sabata ya Paskha timayamba ndi nkhani ya Mose tisanafike pamtanda, musadabwe. Chikhulupiriro chathuchi sichinamere pabwalo ayi, chinabadwira m'nyumba ya anthu, ndipo eni nyumbawo alipo mpaka lero. Tinalowamo ngati alendo, tinapatsidwa malo. Mwana wa m'banja lino satukwana Myuda, ndipo akamva mtundu wina uliwonse ukutembereredwa m'dzina la Mulungu, amaimirira n'kufunsa, ngakhale amukhazike kumbuyo zaka zitatu.